Chakudya cha Nsato za Wickson

Kekete, kekete, kekete. Phokosolo linkachokera kuseri kwa chitseko cha chipinda chochapira, ndipo Sellina analimvetsera kwa nthawi ndithu asanagwedeze mwamuna wake.

"Bambo a Aleke, tamverani. Ina ikutuluka."

"Njoka sikukuta pulasitiki, Selli," Wickson anayankha nkhope ili m'pilo. "Makoswe amenewo, akusewera. Gona, ndili ndi shifiti ya m'mawa."

Sellina sanagone. Analumpha kamatiresi komwe mwana wawo wa miyezi isanu ndi iwiri ankagona pansi, anayatsa tochi ya pafoni n'kulowa m'chipindamo. Mabokosi a njoka analipo asanu ndi anayi, osanjikizana pa shelefu. Anakhudza chotsekera chilichonse ndi chala, monga ankachitira masiku onse. Zonse zinali zothina. Kumabeseni a makoswe sanayang'aneko n'komwe. Iye ankaopa njoka basi.

Wickson anabadwira ku Ntcheu, m'banja la okumba mbewa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankatha kale kuyang'ana una n'kudziwa ngati muli kapuku kapena mwangotsala fungo, ndipo madzulo ankaima pamsewu ndi mapani, kuthamangira minibasi iliyonse. Sukulu inamuyendera, anaphunzira zokonza mafiriji, ndipo mu 2014 anapeza kontirakiti yosamalira ma-AC, makina oziziritsa m'nyumba, pa hotelo ina yaitali ku Al Dafna, mumzinda wa Doha ku Qatar. Anali munthu wofatsa, wosamwa, wosakonda magulu. Mnzake wina wa kuntchito, pobwerera kwawo, anamusiyira nsato ziwiri zazing'ono, zija zikachita mantha zimadzikulunga ngati mpira n'kubisa mutu pakati. Zilibe ululu, ndipo zikakula zimangoposa pang'ono mpini wa khasu.

Sellina anazipeza njokazo tsiku lomwe anatsika ndege. Anakhala panja ndi sutikesi yake, dzuwa la Doha likumuwamba, mpaka mwamuna wake anachita kugwada. Kwawo munthu wosunga njoka m'nyumba amadziwika zomwe amachita, ndipo palibe amalandira ngakhale madzi m'manja mwake. N'chifukwa chake panalibe Mmalawi amene anapondako kunyumba kwawo, tizipinda tiwiri todulidwa kuseri kwa vila ina, chinyumba chachikulu champanda, ku Al Duhail. Anzawo akati tibwera Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, Wickson ankati AC yafa.

"Wokonza ma-AC, AC yake yafa!" ankaseka, koma ankasiya.

Njokazo zinaswana. Anyamata a magalimoto akuluakulu ankakumana naye poimika magalimoto kudzagula tiana take, uyu kufuna yachikasu, uyu yoyera mbuu, ndipo Wickson ankawalangiza ngati akupereka mwana kwa adzakhali ake. Chakudya cha njokazo chinali makoswe akufa, ouma gwa ndi kuzizira, obwera m'makatoni pa thiraki kudzera msewu wa ku Saudi. Ankawasunga mufiriji, pansi pa nkhuku, m'jumbo yakuda. Tsiku lodyetsa ankasungunula khoswe m'madzi ofunda, n'kumutenthetsa mutu ndi choumitsira tsitsi cha mkazi wake, chifukwa nsato imasaka potsata kutentha. Kenako ankamugwira ndi chopanira chachitali n'kumamuvinitsa patsogolo pa njoka ngati wamoyo. Zina zinkadya, zina zinkakana miyezi iwiri yathunthu, ndipo Wickson ankawonda nazo limodzi.

Mu Juni 2017 malire a Qatar ndi Saudi anatsekedwa. Anthu anathamangira mkaka ndi mpunga m'masitolo, patapita masiku kunabwera mkaka wa ku Turkey, kenako ng'ombe zenizeni zinatsika pandege. Za makoswe palibe anaganizako. Jumbo yakuda ija itatha, Wickson anapita kumsika wa ziweto n'kubwera ndi makoswe amoyo, aakazi anayi ndi wamwamuna mmodzi. Anawaika m'mabeseni ochapira, pamwamba n'kuphimba ndi neti yawaya. Pomwe chaka chinkatha anali atadutsa makumi asanu ndi limodzi, ndipo fungo lawo linkalowa m'matewera, m'mataulo, mpaka m'tsitsi.

"Awa ndiye usawaope," Wickson ankatero Sellina akadandaula. "Ndiwo zimenezi, Selli. Ine ndakulira m'mauna. Unamvapo munthu akuthawa ndiwo?"

Mbewa zomwe Wickson ankazidziwa zinali za kuthengo, zamantha, zothawa zikangomva mtswatswa. Makoswe ake anabadwira m'manja mwa munthu. Sankaopa fungo la munthu, ankalitsatira.

Kukuwa kwa Aleke kunawadzutsa kutangoyera, mzikiti utatha kale kuitana. Sikunali kulira kwa njala. Sellina anamunyamula, n'kuona magazi pa chitenje ndi pa tsaya. Chala chamkombaphala, chomwe mwanayo ankachiyamwa akamaliza bere, chinali chitang'ambika pansonga. M'munsi mwa katani munali khoswe woyera wa mutu wofiirira, atakhala tsonga, akudzipukuta kumaso.

M'galimoto Wickson ankayankhula maso ali pamsewu.

"Ukanene kuti wapanidwa ndi chitseko. Mwini nyumba akamva zoti tikuweta zinthu muja, khalas, zathera pomwepo, tatuluka lero lomwe. Wamva, Selli?"

Sellina anangokanikiza thonje pa chalacho.

Kuchipatala cha ana anawalandira Sisita Mavis, mayi wachikulire wa ku Kasungu yemwe ankakhala kutsogolo m'mapemphero a Amalawi. Wickson anatsala pabenchi panja. Namwinoyo anatsuka balalo, analiyang'ana pansi pa nyali, kenako anayang'ana Sellina pamwamba pa magalasi.

"Mwati chitseko?"

"Eya, amayi."

"Chitseko cha kwanucho chili ndi mano awiri kumwamba, awiri kumunsi? Mukandibweretsere ndidzachione, zaka zonsezi sindinachionepo."

Sellina anayamba kulira osatulutsa mawu.

"Tanena, mwana wanga. Dokotala akufuna adziwe mankhwala oti apereke, osati nkhani."

"Ndi khoswe."

"Chabwino. M'mavila akalewa amapezeka. Muuze mwini nyumba aitane opopera."

"Ndi woweta, amayi."

"Woweta? Mukudya makoswe muno mu Qatar, nkhuku zonsezi?"

"Si ife timadya."

Sisita Mavis anaika thonje pansi. Sellina ananena zonse, mabokosi asanu ndi anayi, mabeseni, chifukwa chomwe AC yawo imafera Lachisanu lililonse. Ankayembekeza kuti mayiyo abwerera m'mbuyo n'kutchula dzina la Yesu. Iwo anangopumira m'mwamba n'kupitiriza kumanga bandeji.

"Za ufiti ine sindikudziwa, zimenezo ndi zanu. Ndikulemba kuti khoswe, basi. Mankhwalawa amalize onse. Uzimugwira thupi m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu, akangotentha kapena kutuluka zidzolo, yalla, msangamsanga, uthamange naye, usadikire bambowo aweruke. Koma ndikuuze, mwanayu akadzabweranso ndi bala lotere, ndidzalemba zonse ndi dzanja langali. Lero ndi chala. Khoswe amatsata mkaka, ndipo mkaka umakhala pakamwa."

Sellina ankangoganizira mawu omalizawo njira yonse yobwerera.

Wickson sanapite kuntchito. Anamugwira khosweyo ndi dzanja, kumchira, mwachangu ngati ali mnyamata, ndipo anapeza bowo lomwe anaboola pakona ya beseni. Anayenda ndi chala m'mabeseni enawo, n'kupeza awiri atayamba kale kupyapyala. Kenako anadzagwada pambali pa kamatiresi, anagwira phazi la mwana wake, maso ali ofiira.

"Ndalakwa, mayi a Aleke. Pulasitiki sanali woyenera. Ndiwotcheretsa makola achitsulo, khoswe sangadye chitsulo."

"Sindikufuna makola. Ndikufuna atuluke."

"Akatuluka, njoka zidya chiyani?"

"Zituluke nazo."

Wickson anaimirira, anamugwira mkono n'kumukokera m'chipinda chochapira. Pakona panali kafiriji kakale komwe anakatola kuntchito n'kukasandutsa chofungatira mazira. Anatsegula mosamala. Munali mazira asanu ndi awiri, oyera, ofewa ngati chikopa, omatirirana. Anazimitsa getsi, anayandikiza tochi pa dzira limodzi, ndipo mkati munaoneka timitsempha tofiira ndi kamthunzi kakugwedezeka.

"Ona. Atsala masiku makumi awiri ndi atatu. Zaka zitatu ndakhala ndikudikira kuti nsato yachikasu ija iikire. Ndikawasuntha afa."

"Chabwino, mazira atsale. Makoswe muwaphe onse lero, muwaike mufiriji ngati kale."

Wickson anatseka kafirijiko, ndipo Sellina anadziwa chomwe chinkamuvuta. Anali ataona chaka chatha kuti tiana ta njoka tikangoswa sitilandira chakufa. Timafuna tiana ta makoswe tamoyo, tofiira, tobadwa sabata yomweyo, katatu kapena kanayi tisanazolowere. Popanda makoswe oswana m'nyumbamo, mazirawo anali ongoswera njala.

"Ndiye mwasankha," anatero Sellina.

"Sindinasankhe kanthu. Tandipatsa mpata ndiganize."

Tsiku lonselo Sellina sanamuike pansi mwanayo. Anamubereka pophika, anamubereka pochapa chitenje chamagazi chija m'sinki ya kukhitchini, ndipo mphindi zingapo zilizonse ankapisa dzanja kumbuyo kuti amve ngati thupi latentha. Wickson anakhala pakhomo, pamthunzi wa mpanda, thukuta lili kamukamu, akukanda foni. Sellina ankamuyang'ana pazenera. Mumtima ankati mwina akulembera anyamata a magalimoto aja kuti abwere atenge zonse.

Dzuwa litapendeka Wickson analowa, anakhala pamphepete pa bedi, n'kumupatsa foniyo. Panali mtengo wa tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe, wamkulu mmodzi ndi khanda.

"Mwana akangomaliza mankhwala, ndipo Sisita akati ali bwino, inu mupite kwa amayi," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula mkazi wake kuti inu. "Mpaka tsikulo muzigona m'chipinda muno chitseko chokhoma, pansi pake nditseka ndi thabwa, ine ndizigona kwa makosweko. Agogo ake sanamuonepo Aleke. Miyezi itatu basi. Ziswe, zidye, ndizigulitse, ndiye mubwere."

"Nanga nsato yakuda ija? Si ili ndi mimba nayonso? Ndaiona ikugona chagada sabata yonseyi."

Wickson anayang'ana bandeji ya mwanayo, kenako anayang'ana pansi.

"Imeneyo tidzaona ikadzaikira," anatero motsitsa. "Tikitiyo ndigula mawa."