Tomato wa achemwali anga ndi dzina la Abiti Juma

Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzathokoza mlangizi wa zaulimi pamaso pa anthu. Kuno ku Kota Kota tikaona chipewa chake chikutulukira, timadziwa kuti kwabwera nkhani ya mizere ndi chindapusa kwa Bwana DC. Koma sabata ino ndikuthokoza, ndipo sindikuchita manyazi.

Achemwali anga aNaphiri, amene ndi amasiye, ali ndi dimba la tomato kufupi ndi nyanja. Mwana wawo wa ku Joni atabwera, anawagulira chitini cha feteleza, mchere woyera uja wa Azungu. Achemwali ndi munthu wa dzanja lotambasuka. Mlendo kwawo sapatsidwa nsomba yodula. Nayenso tomato anamuchereza chimodzimodzi: dzanja lodzaza pa tsinde lililonse, ndi kukwirira bwinobwino.

Kutacha, tomato yense anali atazolika, pamene dothi linali lonyowa.

Ndinawapeza atamanga nsalu m'chiuno, maso ali psuu.

"Achimwene, mbewu ingafote ili pamadzi? Izi ndi za anthu. Dzulo Abiti Juma anaima apa nkumati dimba lakongola."

Abiti Juma ndi mnansi wawo, mayi wa ku mzikiti amene akhala akubwerekana mtondo kuyambira ali atsikana. Achemwali anali atatsimikiza zopita kukaombeza, ndipo nonse mukudziwa kuti dzina likatchulidwa kumeneko silibwereranso loyera. Ine ndinachita mantha.

Mwamwayi a Kamanga, alangizi athu, ankadutsa pa njinga. Anafukula tsinde limodzi, napukusa mutu, napempha mbatata yaiwisi. Anaidula pakati, naikumba kadzenje, nathiramo feteleza wouma uja.

"Mayi, tiyeni tikhale pansi pang'ono."

Tili chikhalire anatifotokozera. Muzu, ngakhalenso thupi lathuli, ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Kachipinda kalikonse kakutidwa ndi kakhungu kopyapyala, kamene kamasankha cholowa ndi chotuluka. Madzi amadutsa mosavuta, koma mchere sudutsa mwachisawawa. Tsono madziwo amathamangira mbali imene mchere wachuluka. M'dothi labwino, m'kati mwa muzu ndimo muli mchere wambiri, ndiye madzi amalowa. Mukaunjika feteleza kunja, madzi amatembenuka nkutuluka, mbewu nkufa ndi ludzu ili pachinyontho.

Titayang'ana mbatata ija, kadzenje kanali katadzaza madzi, popanda wothiramo.

"Ndiye kuti ndamupha ndine?" anafunsa achemwali, mawu ali pansi.

"Sanafe yense, mayi. Palani fetelezayo, muthire madzi ambiri kuti asukuluke. Koma lero lomwe."

Dimba lonse lija, mitu yathu iwiri sikanakwanitsa. Mukuganiza kuti anabwera ndi mtsuko ndani, osaitanidwa, atangoona tikuthamangira kunyanja? Abiti Juma. Anatunga nafe mpaka khosi kuuma, akuseka achemwali kuti adyetsa tomato ngati mkamwini watsopano. Achemwali anaseka nawo, koma m'maso sanawayang'ane.

Abale, zinthu zatsopano zikubwera zambiri masiku ano: feteleza, jakisoni, mankhwala opopera thonje. Zimafika m'zitini zolembedwa Chingerezi, ndipo wotiuza mmene zimagwirira ntchito amasowa. Timangouzidwa kuti chitani, mukapanda kutero mulipira. Chinthu chikalakwika, chitini sitingachifunse, ndiye timayang'ana amene anadutsa pakhomo dzulo. Kawirikawiri amakhala mayi wokalamba, kapena wopemphera kosiyana ndi ife.

N'chifukwa chake ndikuthokoza a Kamanga. Akanatha kukalipa nkukwera njinga yawo. Iwo anakhala pa mzere wa tomato, kabudula wa boma nkuda, mpaka mayi wosadziwa kuwerenga anaona ndi maso ake kumene madzi amapita. Alangizi ena akanamatero, bwenzi sitikuthawira m'chinangwa tikawaona.

Tomato wina wadzuka, wina wapita. Achemwali sanapite koombeza, ndipo Abiti Juma sakudziwa kuti dzina lawo linatsala pang'ono kukafika kumeneko. Ine sindidzawauza.

Koma m'midzi yathuyi muli amayi ena amene anthu anasiya kuwapatsa moni, ana nkumawathawa panjira. Ndi angati mwa iwo amene mlandu wawo unali wongofuna munthu wodula mbatata?