Mkute Umene Sindinaupeze

Masiku a Chitaganya, ndili pasukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda, aphunzitsi anafuna mnyamata mmodzi wokathamanga pa mpikisano wa masukulu ku Katete. Tinatsala awiri, ine ndi mbale wanga, mwana wa amayi aang'ono. Tinkagona mphala imodzi, kufunda bulangete limodzi. Ku Katete ndinali ndisanapondeko, ndipo ulendowo ndinkaufuna ndi mtima wonse.

Tinkayeserera madzulo, dzuwa litapendeka. Aphunzitsi anatiletsa kudya tisanathamange, ati m'mimba mumabaya. Vuto linali lakuti kwathu amuna ndi anyamata ankadyera pamodzi pabwalo dzuwa likangolowa, nyumba iliyonse kubweretsa mbale zake. Wochedwa ankapeza agalu akunyambita pansi. Ife tinkafika kutada, anthu atasamba kale m'manja.

Masiku oyamba amayi ankandipatulira mkute, n'kuuvundikira ndi lichero pakhonde. Ndiwo zake kaya chigwada, kaya nyemba zozizira, ndinkadya mumdima ngati mbala koma mtima uli m'malo. Kenaka tsiku lina ndinavundukula lichero, pansi pake palibe kanthu. Mawa lake chimodzimodzi.

Sindinafunse. Mnyamata wogona m'mphala sapita kwa amayi ake kukalira njala, alongo ake angamuseke mpaka kumadzi. Ndinangoganiza kuti akwiya poti ndinasiya kutsekera mbuzi. Ndinkagona ndi mtedza wauwisi wapamanja ndi madzi. Mbale wangayo tikafika ankati akukasamba kudambo, n'kubwera mochedwa akunyambita milomo, ine osazindikira kanthu. Ankandilimbitsa mtima kuti nayenso njala ili pomwepo, mwamuna salira njala. Ndinkamumvera chisoni, chitsiru ine.

Miyendo inayamba kundilemera. Kambatata kam'mawa sikankafika nako madzulo. Tsiku losankha ndinatsogola bwino mpaka pamtengo wa mango umene tinkakhoterapo, pobwerera m'maso munada, liwiro lonse n'kundithera. Mbale wanga anandipitirira osacheuka. Aphunzitsi anapukusa mutu, n'kunena kuti ndinayamba bwino koma ulesi wandilowa. Mawu amenewo anandiwawa kuposa njala.

M'mawa umene mbale wangayo ananyamuka pa lole ya mishoni, ndinamubwereka kabudula wanga wa khaki poti wake anali wong'ambika. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu, ndikumunyamulira kamtolo kake.

Madzulo amenewo amayi anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Anali ndi mbale m'manja, akuyankhula motsitsa ngati akuopa kumvedwa ndi a mishoni.

“Tsopano poti zothamanga zatha, ndingayambenso kukusungira?”

Ndinawafunsa kuti anasiyiranji.

“Si mbale wako anabwera ndi mawu a aphunzitsi? Anati wothamanga asadye usiku, chakudya chimatsikira m'miyendo. Ndinkagona osagona, mwana wanga, koma ndingatsutse aphunzitsi ine?”

Ndinafunsa ngati amayi aang'ono nawonso anauzidwa zomwezo. Amayi anayang'ana kunyumba ya mng'ono wawo. Anali ataona kale kuti kumeneko lichero linkavundikirabe mbale madzulo aliwonse, koma ankati mwina n'za bambo wa m'nyumbamo.

Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira. Mbale wangayo sanandimenye, sananditchere mwendo. Anatuma amayi anga ondibereka kuti andigoneke ndi njala, iwo n'kumati akundithandiza. Mbale ya chakudya ija amayi anaiika m'manja mwanga, ndiwo zake nkhuku, koma ine sindinadye.