Galimoto Yosatsokomola

Anali mawu a mkazi. Zuleka anawamva bwinobwino kuseri kwa zenera, anthu atagona kale: mawu ofewa, aulemu, m'chinenero chimene anali asanachimvepo. Kenako chitseko cha galimoto chinatsekedwa mwakachetechete, ngati wotsekayo akuopa kudzutsa munthu.

Anamuchotsa Ayubu kubere n'kusuzumira pakatani. Pabwalo panali kagalimoto koyera kachilendo. Amuna ake, a Maulidi, ankakazungulira ali okha, akukapukuta ndi mkono wa malaya.

"Ali kuti?" Zuleka anafunsa iwo atangolowa.

"Ndani?"

"Amene amalankhula panjapo."

A Maulidi anaseka mpaka kugwira khoma. "Kagoneni, amake Ayubu. Mawa ndikuonetsani. Mumukonda, ndi waulemu."

Zuleka sanagone. Chimene chinamuopsa kwambiri sichinali mawuwo. Chinali chakuti galimoto inafika mpaka pakhomo iye osaimva.

Zuleka ndi wa kwa Khwethemule. Mayi ake anakalambira m'munda wa tiyi, dengu kumsana, ndipo iye sukulu anailekera Fomu 2. Amene anaphunzira naye amati mayeso ankakhoza ndi makutu, chifukwa chimene wamva kamodzi sichichoka. Makutu omwewo ndi amene analowa nawo m'banja.

A Maulidi amagulitsa buledi, sopo ndi mafuta ophikira m'magolosale a m'makomboni a pa esiteti. Galimoto yawo yakale anthu anaitcha Chifuwa, chifukwa imatsokomola. Ikamachoka kufakitale ya tiyi madzulo, Zuleka ankaimva ali pamtondo. Ankaimva ikugubuduka pamlatho wa matabwa, ikulira m'mabulugamu, ikusintha giya pachitunda. Ankadziwa nthawi yoteleka madzi osamba popanda kufunsa munthu. Akazi ena amafufuza mafoni a amuna awo, iye sankavutika. Chifuwa ankamuuza zonse.

Ndi Chifuwa yemweyo amene anamuuza za kunyumba za aphunzitsi. Pamwamba pa chitundacho galimoto inkatentha n'kuzima, ndipo a Maulidi ankapempha madzi othira mu injini panyumba yoyamba. M'nyumbamo munabwera mphunzitsi watsopano wochokera kumpoto, a Keziya, osakwatiwa, oyenda ndi ambulera ngakhale kunja kuli bwino. Poyamba Chifuwa ankazima pang'ono n'kudzukanso. Miyezi ino ankazima mpunga uli pamoto, n'kudzadzuka utapsa.

"Injini ikatentha sumathira madzi pompo," ankatero a Maulidi. "Imafuna izizire kaye."

Mwina n'zoona. Zuleka za injini sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti bambo a amuna ake anali ndi akazi awiri, amalume awo atatu, ndipo palibe amene anawadzudzulapo.

Koma Chifuwa anayenera kupita, zimenezo Zuleka sankatsutsa. M'nyengo ya chiperoni Ayubu anadwala chibayo, galimoto n'kukana kulira, iwo n'kuthamangira kuchipatala panjinga yamoto, mwana akubanika m'chitenje. Kuyambira tsikulo ndi iye amene ankakakamiza kuti agule ina. Sanaganizepo kuti inayo idzakhala yosatsokomola.

M'mawa kunabwera a Winston, amene amaitanitsa magalimoto kunja n'kumagulitsa ku Limbe. Anabwera ndi ina yotuwa, yokulirapo, kuti banjalo lisankhe. A Maulidi anamukhazika Zuleka kutsogolo m'koyera kaja n'kupotokola kiyi. Mkazi uja analankhulanso, kuchokera pansi pa chiwongolero.

"Ndi ameneyu mkazi mnzanu," anatero a Maulidi. "Mulonjereni."

"Musaope, alamu," anatero a Winston. "N'kabokosi chabe. Onse ochokera ku Japan amabwera nako. Akuti kamakumbutsa za khadi lolipirira misewu ya kwawoko."

"Ndiye amalankhula nthawi zonse?"

"Mukangoliza basi. Koma tikhoza kudula waya, n'zosavuta."

Zuleka anagwira mpando. Unali woyera, wonunkhira zachilendo, wopanda nsonga ya waya yobaya ntchafu ngati wa Chifuwa.

A Winston anayamba kutama malonda awo. Yotuwayo ndi yamphamvu, imalira ngati mwamuna, koma imamwa. Koyerako injini yake ndi yaing'ono, mafuta kamangonyambita ngati mwanapiye, kayenda pang'ono chabe kwawoko, mwini wake anali gogo wina wongopitira kumsika.

"Magalimoto anu onse eni ake amakhala agogo," anatero a Maulidi.

"Ku Japan kuli nkhalamba zambiri, achimwene, ine ndilakwa chiyani? Komanso n'ka otomatiki. Palibe zosintha magiya. Ngakhale alamuwa akhoza kuyendetsa mawa lomwe."

"Awa? Angatigwetsere m'tiyi."

Anayamba ndi yotuwa. Zuleka anaikonda pomwepo, chifukwa pachitunda inabangula. Imeneyi akanaimva ali kunyumba. Koma a Maulidi ankangoyang'ana muvi wa mafuta n'kumapukusa mutu.

Kenako anakwera koyera, Ayubu ali pamiyendo pa mayi ake, a Winston kumbuyo. Kanatsetsereka pakati pa minda ngati kakuyenda pamphasa. Azimayi othyola tiyi sanadzutse n'komwe mitu, pamene Chifuwa akamadutsa ankaimirira n'kumakuwa kuti akamwe mankhwala. Pamlatho matabwa okha ndi amene analira. Chitunda kanakwera kosadandaula.

Zuleka sankayang'ana msewu. Ankayang'ana phazi la amuna ake. Atayandikira nyumba za aphunzitsi, phazilo linanyamuka lokha, n'kupita pabuleki.

"Katentha?" anafunsa Zuleka.

"Ayi. Chizolowezi."

Koma anali ataima kale, ndipo a Keziya anali akutsika pakhonde, atavala diresi la Loweruka, akumwetulira. Anafika pazenera la woyendetsa asanaone amene wakhala mbali inayo.

"Eee, a Maulidi! Mwatengadi koyera kaja? Ndinakuuzani ine, pachithunzi paja kanaposa onse."

Kenako anamuona Zuleka.

"Mwaswera bwanji, mayi? Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, aphunzitsi. Zikomo chifukwa cha madzi. Mwatithandiza nthawi yaitali."

"Aa, madzi okha."

"Eya. Madzi okha."

A Winston anayamba kuyang'ana kunja ngati tiyi akumuona koyamba. A Maulidi anatsokomola, ndipo Zuleka anaganiza kuti chifuwa chija chasamuka m'galimoto, chalowa mwa mwini wake.

Zithunzi zimenezo iye anali asanazione. Galimoto anaipempha ndi iye, mwana amene anatsala pang'ono kufa ndi wake, koma foni inakatsegulidwa pakhonde la eni, injini ikuzizira.

Anabwerera kunyumba. Atafika, a Maulidi anazimitsa galimoto n'kunena mosayang'ana munthu: "Ngati simunakakonde, titenga yotuwayo. Mafuta tiziona."

Zuleka anaziyang'ana zonse ziwiri. Yotuwayo ikanamuuza pamene yaima ndi pamene yanyamuka, monga ankachitira Chifuwa. Ndiye n'chiyani? Miyezi yonseyi wakhala akumva, ndipo kumvako sikunabweze munthu pakhomo. Kunangomuphunzitsa kuyeza nthawi ndi mpunga. Koyerako anasankha ndi wina, zimenezo zidzamuwawa nthawi iliyonse akakaona. Koma kanali ndi chinthu chimodzi chimene a Keziya sanachione pachithunzi.

"A Winston, mwati kopanda magiya?"

"Phazi limodzi basi, alamu. Ili kupita, ili kuima."

"Titenga komweka."

A Maulidi anapumira m'mwamba. "Mwasankha bwino, amake Ayubu. Winston, dula waya uja."

"Musadule," anatero Zuleka. "Mkazi mnzanga ameneyu ndamulandira. Iyeyu ndiye womaliza."

A Winston anaseka, n'kuleka msanga ataona kuti akuseka okha.

Zuleka anatsika, n'kumupereka Ayubu m'manja mwa bambo ake. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, n'kutsegula chitseko cha woyendetsa, n'kuima pomwepo mpaka a Maulidi anatuluka. Anakhala pampandopo. Unali wofunda.

"Lachisanu mukachoka kumzikiti, tipita kubwalo la mpira mukandiphunzitse," anatero. "Buledi wamadzulo tizikaperekera limodzi, ine pano, inu apo ndi mwana. Mukakana, a Winston andipezera sukulu yoyendetsa galimoto ku Limbe."

"Nanga anthu adzati chiyani?"

"Adzati kagalimoto ka a Maulidi sikatentha pachitunda."

Anagwira kiyi n'kupotokola. Mkazi wa ku Japan analankhula mwaulemu wake uja, ndipo Zuleka anamudikira mpaka amalize.

"Ndamva, mayi," anatero. "A Winston, ndionetseni phazi loimira. Ndiyambira limenelo."