Mangolongondo Ndinawanyamula Ndekha

Inu owerenga, ndinalakwitsa ndili mnyamata, ndipo kulakwitsa kwake sikunali kwa kuba kapena kwa mowa ayi. Ndinapatsidwa uthenga wa anthu awiri, ine n'kuusandutsa wanga ndekha. Ndikulemba izi chifukwa masiku ano ndimaona achinyamata atakolekera magitala ndi malipenga kumsana, akupita kukayesedwa kuti alowe sukulu za zoimba, ndiye mtima umandiuza kuti ndisafe nayo nkhaniyi.

Kwathu ndi ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege. Izi zinachitika Chitaganya, boma lija lotiphatikiza ndi Rhodesia, chili kumapeto, ine nditangomaliza sukulu ya kumishoni. Ndinkaimba mangolongondo. Kwa inu amene simunawaonepo, ndi mitengo ya mbwabwa yosemedwa bwino, ina yaitali ina yaifupi, yoyalidwa pa mathunthu awiri a nthochi. Oimba amakhala awiri moyang'anizana, aliyense ndi tindodo take. Wina akamenya, mnzakeyo amamenya mumpata womwe watsala, mwachangu zedi, mpaka khutu limamva nyimbo imodzi yokoma. Mwinatu mwaona kale kumene kupusa kwanga kukulowera. Ine mwini wake sindinaone.

Mnzanga woimba naye anali Amidu wa ku Lirangwe, mwana wa bambo wina wogulitsa nsalu. Tinadziwana ndili wamng'ono, pamene ndinatumizidwa kwa azakhali kumeneko kukalondera anyani m'munda wa chimanga. Munda wawo unali woyandikana ndi wathu, ndipo ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kugwira tindodo. Nditabwerera ku Chileka sitinatayane. Lachisanu iye amakhala kumzikiti, Lamulungu ine kutchalitchi, choncho Loweruka linali lathu. Ankapalasa njinga ya bambo ake mtunda wonsewo, n'kufika fumbi lili mbuu, tindodo tili m'thumba la malaya, akufuula ali kutali kuti, "Achimwene, yalani mitengo!"

Ndinene chilungamo: Amidu ankandiposa. Ine ndinkayamba nyimbo, iye n'kumalowa m'mipata, ndipo paukwati paliponse maso a anthu ankathera pa manja ake. Ine ankandiyamika pomaliza, monga mmene anthu amathokozera wobwereketsa mpando. Ndinkaseka nawo, koma mkatimu kansanje kankandidya.

Tsiku lina aphunzitsi anga akale, amene anatimvapo paukwati, anandiitanitsa. Anandiuza kuti ku Bulawayo kwatsegulidwa sukulu ya zoimba yomwe ikufuna achinyamata odziwa zoimbira za makolo, kuti akawaphunzitse kuwerenga ndi kulemba nyimbo. Oyesa anali oti abwera pa ndege kudzamvetsera mu holo ina ku Blantyre ikangotha nyengo yokolola. Ndikutsanzika anati, "Ukamuuze mnzako uja, mubwere nonse." Ndinavomera mwaulemu, manja ali kumbuyo.

Panjira m'pamene maganizo oipa anandilowa. Ndinadzifunsa kuti, nanga akakafuna mmodzi yekha, adzatenga ndani? Yankho ndinkalidziwa. Ndiye ndinayamba kudzipezera zifukwa: Amidu sadziwa Chingerezi, bambo ake akumufuna pa malonda, mwina kumeneko akavutika ndi chakudya. Zifukwa zimabwera msanga munthu ukazifuna. Nditabwerera kwa aphunzitsi ndinawanamiza kuti bambo ake a Amidu akaniza, ndipo iwo, podandaula, analembetsa dzina langa lokha.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kukhala ndekha. Mangolongondo ndinawasamutsira kudimba lathu, m'mbali mwa mtsinje, kumene kunali bango lowirira. Loweruka likafika ndinkalawirira kumeneko, nditawauza amayi kuti Amidu akabwera anene kuti ndachoka. Amayi anandifunsa chomwe mwana wa eniyo wandilakwira. Ndinati palibe.

M'mudzi namo zinthu zinandiipira. Nthawi imeneyo anthu anali atatopa nacho Chitaganya, ndipo chilichonse chochokera ku Rhodesia chinkanunkha. Zitamveka kuti ndikufuna kupita kusukulu ya kumeneko, ena anati ndikukagulitsa dziko. Anyamata amene ndinkasewera nawo bawo ankati ndikafika, masewero n'kuthera pomwepo. Amayi kuchitsime ankalonjeredwa ndi pakamwa pokha. Munthu yekhayo amene akanandiseka n'kunena kuti nyimbo ilibe chipani anali Amidu, ndipo ameneyo ndinali kumuthawa ndine. Masiku ena ndinkafika madzulo osalankhula ndi munthu, kupatula moni wa amayi.

Tsono mvetsani chomwe chinandipusitsa. Ndikamaimba kudimbako, mbali ya Amidu ndinkaimva m'mutu mwanga. Tinali titaimba limodzi kuyambira ubwana, moti dzanja langa likangomenya, khutu linkadzaza lokha mpata wotsalawo. Kwa ine nyimbo inkamveka yathunthu, yokoma kuposa kale, mpaka ndinkadzitama kuti kodi mnzangayu ndinkamufuniranji. Wondiuza zoona panalibe, poti omvera anga anali achule ndi akhwangwala. Ndikanangowaimbira amayi kamodzi kokha, bwenzi atandifunsa kuti kodi nyimboyo iyamba liti.

Tsiku loyesedwa ndinamanga mitengo ija panjinga pamodzi ndi mathunthu a nthochi ongodula kumene, ulendo wa ku Blantyre. Mu holomo munali achinyamata ena, wina ndi gitala, wina ndi lipenga, aliyense atabwera ndi abale omuperekeza. Ine ndinakhala pakona ndi katundu wanga. Oyesa anali awiri: mayi wachizungu, ndi bambo wachikuda wa imvi amene ankalankhula Chinyanja chomwe anatola kwa anthu akwathu ogwira ntchito ku Bulawayo.

Dzina langa litaitanidwa ndinayala mitengo pasimenti, n'kuyamba nyimbo yomwe tinkaikonda kwambiri ndi Amidu. Mu holo munali zii. Kudimba mawu ankapita ndi mphepo, koma muno ankagunda khoma n'kundibwerera. Kwa nthawi yoyamba ndinamva zomwe anthu ena ankamva: go, go, go, ngati munthu akukhoma zikhomo. Mbali ya Amidu ija inazimiririka m'mutu mwanga, ndipo ndinaisaka osaipeza. Ndinafulumiza manja kuti nditseke mipata ndekha, koma ndinangosokoneza ndi mbali yanga yomwe. Mtengo umodzi unadumpha n'kugubuduka mpaka pa mapazi a mayi uja. Ndinasiya, thukuta lili kamukamu.

Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka. Bambo wa imvi uja anatola mtengowo n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Mwana wanga, dzanja uli nalo," anatero. "Koma ichi n'choimba awiri. Mnzako ali kuti?"

Ndinati akudwala. Ananong'onezana ndi mayi uja, kenaka anati, "Bwera naye mawa m'mawa tisananyamuke. Tikakondwa tidzakutengani nonse. Mmodzi yekha tikatani naye?"

Inu owerenga, mawu amenewo anandilasa. Chomwe ndinkaopa miyezi yonseyo kunalibe n'komwe. Malo anali a tonse awiri kuchokera pachiyambi, monga momwe aphunzitsi ananenera.

Mitengo ndinaisiya pakona pomwepo, n'kupalasa njinga kulunjika ku Lirangwe. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera. Ndinkadziwa kuti Amidu andinyoza, mwina andimenya kumene, koma ndinali wokonzeka, bola m'mawa tikakhale moyang'anizana. Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi ake ndinawapeza akupeta pakhonde. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, anafunsa za kunyumba mmodzimmodzi, osafulumira. Kenaka ndinafunsa za Amidu.

"Mnzakotu anapita ku Halale mwezi wathawu, kukafuna ntchito," anatero. "Sanakutsanzike eti?"

Ndinati ayi. Iwo anaika lichero pansi.

"Loweruka lomaliza lija atapita kwanu, amayi ako anati wachoka. Pobwerera anadzera kumtsinje, ndiye anakumva. Akuti anaima m'bango, tindodo tili m'manja, kumvetsera mpaka unamaliza. Atafika kuno sanadye. Anangoti, amayi, mipata yanga yonse akuisiya bwinobwino, koma ine sakundifuna."

Sanandikalipire mayi aja. Anandiuza kuti ndigone konko poti kunja kunali kutada, koma ine manyazi sanandilole kudya chakudya cha pakhomo limenelo. Ndinakagona kwa azakhali. M'mawa mwake sindinapite ku holo kuja, chifukwa ndikanapita ndi yani? Ndinabwerera ku Chileka ndikukankha njinga, ndipo masana ndege ya oyesa aja inadutsa pamwamba pa denga lathu ine ndili chikhalire pakhonde.

Ndinatumiza mawu kudzera mwa aliyense wopita ku Halale, koma yankho silinabwere. Patapita zaka ndinamva kuti anapitirira ku migodi ya ku Joni, ndipo makolo ake atamwalira mbiri yake inathera pomwepo. Chitaganya chinatha, a m'mudzi anayambanso kundilonjera, ndinakwatira, ndinalima chimanga ngati wina aliyense. Ndinayesapo kuimba ndi anthu ena, koma nyimbo zathu zambiri tinazipeka tokha kumunda kwa anyani kuja, ndipo mbali yake ankaidziwa ndi iye yekha. Ine sindinavutikepo kuiphunzira, poti ndinkayesa kuti adzakhalapo nthawi zonse.

Ndiye inu achinyamata amene mukukonzekera kukayesedwa, ndikupempheni. Musadzitsekere kwanokha ndi choimbira chanu. Kaimbireni munthu amene nyimboyo saidziwa, mumufunse chomwe wamva, chifukwa khutu lanu limakukondani ndipo lidzakunamizani. Funsani bwino zomwe oyesa akufuna, musangoganizira nokha mantha ali mumtima. Ndipo ngati pali mnzanu amene munakula mukuimba naye, ngakhale akuposeni chotani, uthenga wake mupatseni tsiku lomwelo. Akamupatsa malo inu n'kutsala, mudzalira mwezi umodzi, koma mnzanu mudzakhala naye.

Inetu ndakalamba tsopano. Adzukulu anga anamva kuti agogo awo anali katswiri, ndiye amandivutitsa kuti ndiwaimbireko. Ndimawauza kuti manja akuwawa. Zoona zake n'zakuti nyimbo ndikuzidziwa zambirimbiri, koma palibe ngakhale imodzi yomwe ndingawaimbire.