A Twahir ndi Makina Otsata Nyenyezi

A Twahir akhala akukonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Area 2 zaka makumi atatu, ndipo palibe anawatchulapo wakuba. Mafoni atapha malonda a mawotchi, anayamba kukonza chilichonse chokhala ndi mano ndi sipuling'i. N'chifukwa chake a Clifton, bwana wa ku Area 11, anawabweretsera makina awo ochokera ku Ulaya. Ukakhazikapo kamera, amazungulira pang'onopang'ono kutsata nyenyezi kuti zituluke bwino pachithunzi. Makinawo anagwa, dzino limodzi n'kupindika. A Twahir analiwongola.

Patangopita masiku awiri, ha! A Clifton aja balamanthu masanasana, makina ndi chithunzi m'manja.

"Nyenyezi zimenezi? Mizere yokhayokha ngati mvula! Mwachotsa zitsulo zanga n'kuikamo zachabechabe, akuba inu!"

Khonde lonse linamva. Mayi Rahima ogulitsa nsalu anadzatenga wotchi ya amuna awo isanakonzedwe n'komwe. A Twahir mtima unawira. Munthu wapakhonde alibe chikwangwani, chomwe ali nacho ndi dzina basi.

A Twahir anakana kubweza makinawo asanawayese. Anamatapo kamtengo ka machesi, n'kulemba pomwe kaloza. Ola litakwana anayeza: liwiro ndendende. Nanga vuto lili pati? M'mawa mwake anawaimika panja moloza kumwera, monga ankachitira eni ake, n'kumangapo kapaipi koyang'ana dzuwa, kuwala kukugwera papepala. Mphindi zochepa chabe, kuwala kuja zii! Dzuwa likupita kumadzulo, makina akulowera kum'mawa. Kunsi kwake kunali kabatani ka N ndi S, kumpoto ndi kumwera, kali pa N ngati tili ku Ulaya. Munthu wasukulu chonchi, osadziwa kuti dziko lathu lili kumwera, n'kumatukwana aimvi! Atakankhira pa S, kuwala kunakhazikika papepala mpaka nthawi ya swala ya masana kumzikiti.

A Clifton atabweranso anamva zonsezi ali m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono.

"Pepani, madala," anatero chapansipansi.

"Ayi, bwana. Tsikani. Mayi Rahima amve, atelala awa amve kuti Twahir sanabe kanthu."

A Clifton anayang'ana pakhonde, maso onse ali pa iwo. Anakweza galasi, uyo wapita. Analolera kutaya makina odula chonchija kusiyana n'kutsika m'galimoto, zoona? Mpaka lero ena pakhondepo amati a Twahir analanda makina a bwana wa ku Area 11.