Jagi ya mzere wofiira

Mtima wa bambo anga anaukonza bwinobwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mpaka lero kwathu ku Bua kuli anthu amene amati nkhalambayo inaphedwa ndi mipeni ya madokotala akunja. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ndikalimva ndimapsa mtima. Ine ndinali komweko monga gadiyani wawo.

Bambo anali msodzi, anatsika kuchokera kumpoto akadali mnyamata. Mayi anatisiya kalekale. Bambo atayamba kubanika, osathanso kukoka ngakhale chingwe cha ukonde, anawapeza ndi vuto la kachitseko ka mumtima, ndipo anawatumiza kunja kukachitidwa opaleshoni. Abale anasankha ine kuti ndiwaperekeze poti ndine mphunzitsi, Chingerezi sichindivuta. Pa tsiku limenelo palibe anakumbuka zoti ndine mwana wamkazi.

Opaleshoni itatha, dokotala anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Anati mtima anauimitsa kwa maola angapo, makina n'kumapopa magazi m'malo mwake, ndipo pa nthawi yotereyi impso nthawi zina zimaperewedwa magazi. Za bambo zinafooka. Masiku awiri ndinakhala pambali pa bedi maso ali pa kathumba ka mkodzo, mmene timadikirira mvula yoyamba. Tsiku lachitatu kathumba kanayamba kudzaza, ine ndi nesi tinasekerera ngati ana. M'chifuwa mwa bambo kachitseko katsopano kankamveka kuti tiki tiki, iwo n'kumadzitama kuti ameza wotchi.

Potitulutsa, dokotalayo sanadandaule za mtima, nkhawa yake inali pa impso. Analetsa mchere wambiri, analetsa mapilisi a ululu ogula pagolosale, ndipo anati mkodzo wa tsiku lonse tizisonkhanitsa n'kuyeza. Ukapanda kufika pa muyezo umene anandionetsa, tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Titafika kumudzi ndinagula jagi ya pulasitiki, n'kujambula mzere pa muyezo uja ndi penti yofiira yotsala pa boti la bambo. Ndikulowa nayo m'nyumba, ndinapeza azakhali, alongo awo a bambo, ataima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno.

"Iwe, mwana wamkazi, ukagwire mkodzo wa bambo ako? Sukulu yakuzunguza mutu eti? Kuchipinda kuno sulowa."

"Azakhali, kunja kuja ndinkaona ndine."

"Uko kunali kunja."

Ndinaitana bambo kuti andithandize. Anayankha ali chozolika, mawu ali pansi. "Uwamvere azakhali ako, mama."

Ndiye ndinapereka jagiyo ndi manja awiri, n'kugwada komwe. Apa m'pamene ndimadzida ine mwini. Ndinali nditaona chifuwa cha bambo anga chitasokedwa ngati thumba la mpunga, koma pakhomo la kuchipinda ndinalephera kudutsa chifukwa choopa kutchedwa wamwano.

Tchuthi changa chinatha, ndinabwerera kusukulu yanga ku Nkhunga. Ndinkaimba foni tsiku lililonse kufunsa ngati mkodzo wafika pamzere. Azakhali ankati bambo akutaya madzi bwinobwino, ndisiye kufunsa zolaula pafoni ana akumva. Bambo ndikawafunsa ankathawira ku nkhani ya mwera ndi usodzi. Zina ndinadzamva pambuyo pake. Odzazonda matenda ankabwera ndi nsomba zouma zothira mchere, ndipo azakhali ankati kukana cha mlendo n'kunyoza. Bala likawawa ankawagulira timapilisi tofiira tapagolosale, poti munthu wamkulu sangamabuule alendo ali pakhonde. Zonsezi ankachita mwachikondi, ndikudziwa, ndipo kudziwako sikundiziziritsa mtima ngakhale pang'ono.

Loweruka lina ndinafika mosayembekezeka. Ndinapeza bambo atakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhope itadzaza, miyendo atawafunditsa chitenje dzuwa likuswa mtengo. Azakhali anati ndione mmene awanenepetsera. Ndinavundukula chitenjecho pamaso pa onse. Mapazi anali ngati maungu. Nditadina ndi chala, dzenje linatsala pomwepo osabwerera.

"Adada, mwakodza liti?"

Azakhali anagwira pakamwa. Bambo anayang'ana kunyanja n'kunena kuti, "Dzana. Pang'ono."

Ndinatukwana tsiku limenelo, sindibisa. Ndinapeza galimoto, tinapita kuchipatala cha boma, iwo n'kutitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anayesetsa, anawaika pa makina osefa magazi, koma anandiuza mosapita m'mbali kuti tachedwa. Madzi anali atafika kale m'mapapo. Ndinkaika khutu pachifuwa pawo n'kumamva kachitseko kaja kakugwira ntchito yake, tiki tiki, osaphonya, pamene thupi lonse likumira. Anatisiya sabata yachiwiri.

Pamaliro azakhali analira kuposa tonse, n'kumauza anthu kuti mtima ukang'ambidwa subwereranso. Ine ndinangopitiriza kulandira anthu, poti pasiwa si pokanganirana.

Titasesa, tinayamba kulongosola katundu wa malemu, ndipo tsopano palibe anandiletsa kulowa kuchipinda. Jagi ija ndinaipeza pawindo. Munali mbedza, ulusi ndi singano zosokera ukonde. Nditakhuthula, pansi pake m'kati munali kapepala kolembapo mtengo wa jagiyo kamene anamata kusitolo, koyera, kouma, kosanyowapo n'kamodzi komwe.

Ndinatuluka nayo panja n'kuwaonetsa azakhali. Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Nanga ine, mlongo wawo, ndikanagwira bwanji mkodzo wa achimwene?"

Jagiyo ili kwanga ku Nkhunga, pamwamba pa kabati. Azakhali ndimawapatsabe moni mogwada, koma madzi a m'nyumba mwawo sindinamwenso.