Maungu a m'migolo ya ku Area 3

Achemwali anga a Esinta, tikakumana paukwati kapena pamaliro, amakonda kuuza adzukulu kuti ine ndinapha maungu a amayi powaloza ndi chala. Amaiseketsa bwino nkhaniyi, koma siinayende choncho. Popeza mwinichala ndidakali moyo, ndiyenera kuikonza.

Ndinali mu Sitandade 6 pamene tinachoka kumudzi n'kudzakhala ku Area 3, abambo atapeza ntchito ya umesenjala pa boma. Kuseri kwa nyumba kunali dothi louma ngati njerwa, choncho abambo anadula mgolo pakati, amayi n'kuthiramo dothi lakudambo ndi manyowa, n'kubzalamo maungu. Ndiwo zogula ku msika wa Old Town zinkawapweteka mtima amayi, munthu wozolowera kuthyola. Migolo iwiriyo ndiyo inali munda wawo wonse.

Maungu anayanga mpaka pampanda, maluwa ali mbwee. Koma kadzungu kalikonse kakafika ngati dzira la nkhuku, kankachita chikasu n'kuthothoka. Tsiku lina azakhali a Nachisale, amene ankakhala nafe, anandipeza ndikuwerenga timaungu ndi chala.

"Eee, mlamu, bwerani mudzaone mfiti yanu! Iwe, sunamve kuti dzungu salozera ndi chala?"

Amayi anandithyapa pachalapo ndi kamtengo, n'kundiletsa kupondanso kuseri. M'nyumba monse ndinasanduka Chalachoola. Dzina limeneli linandiwawa kuposa kamtengo, chifukwa migolo ija ndinkaithirira ndine.

Ndinamvera, koma timaungu sitinaleke kugwa. Azakhali anati chala changa chinalowa kale mpaka kumizu. Ine ndinkangoyang'ana pazenera ndisanapite kusukulu, ndipo ndinaona chimene akuluakulu sankachiona. M'mamawa uliwonse achemwali ankatuluka ndi lichero kukathyola chiluwe chotendera. Monga anaphunzirira kumudzi, ankasiya maluwa okhala ndi kadzungu kunsi, n'kuthothola ena onse aja a pakamtengo kowonda. Njuchi zikamabwera dzuwa litatentha, zinkapeza maluwa a mtundu umodzi wokha. Ndinakumbukira aphunzitsi a zaulimi akutiuza kuti duwa lachikazi silibereka ngati njuchi siinalibweretsere mungu wa duwa lachimuna.

Ndinadikira abambo atatsiriza tiyi wawo, ndinagwada, n'kunena kuti, "Bambo, ndipatseni mgolo umodzi. Wina asathyolemo chiluwe. Dzungu likagwa, mundikwapule."

"Mwana wa dzulodzuloli afuna kuphunzitsa amayi ake kulima," anatero azakhali, akuseka.

Abambo anatembenukira kwa amayi. "Mpatseni," anatero. "Akachita manyazi aphunzira."

Chiluwe cha mumgolo winawo chinkadyedwa nthawi zonse, motero njuchi zinkadzadza kwa ine. Ndipo ndinachita dala chinthu chimene achemwali amachisiya akamafotokoza: m'mawa uliwonse ndinkaimirira pamaso pa azakhali, n'kuloza kadzungu kanga ndi chala chomwecho. Iwo ankagwira pakamwa. Nanenso ndinkaopa, pakuti ndinakulira m'mawu omwewo, ndipo sukulu inali isanawachotse onse.

Kadzunguko kanapitirira dzira la nkhuku, kanapitirira chibakera cha abambo. Ngakhale mumgolo wa amayi timaungu tina tinayamba kugwira, chifukwa njuchi sizidziwa malire a migolo.

Lero ndine wokalamba, ndili ndi timigolo tanga kuseri kwa nyumba ku Area 9, ndipo sindinyoza makolo. Ndikuganiza kuti lamulo lija analiika pofuna kuti timanja ta ana tisamagwiregwire maungu anthete. Kuthyola chiluwe nakonso sikunali kulakwa kumudzi, kumene munda ndi waukulu ndipo maluwa sungawathe. Chimene tinalakwa ndi kubweretsa chizolowezi cha m'munda mumgolo, osaona kuti malo achepa.

Tsiku limene dzungu langa linakhwima, ndinalinyamula pamutu n'kukaliika pakhonde pamene amayi ankasankha nyemba. Azakhali anakumbuka mwadzidzidzi kuti ali ndi zochapa. Amayi analigogoda ndi chikhadabo, nalitembenuza uku ndi uku. Sanandipepese, ndipo sindinayembekezere kutero. Anangotembenuka n'kuitana:

"Esinta! Kuyambira mawa, chiluwe uzithyola njuchi zikamaliza ntchito yake."